Kuzungulira Pamwamba pa Phiri la Zomba: Njira, Nkhalango ndi Madzi Omwe Mzinda Umamwa

Mmalawi safunika kuphunzitsidwa kuyenda wapansi. Timayenda popita kuchigayo, kumsika, kusikelo ya ana, kumaliro a m'mudzi wa kutsidya, ndipo ambiri a ife tinakula tikuponda mame m'mawa uliwonse popita kusukulu. N'chifukwa chake munthu akamva kuti ena amalawirira Loweruka kukakwera phiri, n'kuzungulira theka la tsiku, n'kubwerera pomwe anayambira opanda mtolo wa nkhuni kapena thumba la ufa, amafunsa kuti apindulanji. Funsoli ndi lomveka ndipo liyenera kuyankhidwa mofatsa. Malo abwino oliyankhira ndi pamwamba pa phiri la Zomba, pomwe pali njira yozungulira yodutsa m'nkhalango, m'madambo, pa mathithi ndi pa madamu awiri, mzinda uli m'munsi pomwepo.

Yankho lake lili pawiri. Choyamba, ulendowu ndi wotheka kwa munthu wamba, sulira zida zodula kapena mphamvu za msilikali wa ku kampu ya Cobbe. Chachiwiri, umamuonetsa munthu ndi maso ake kuti mtengo wa pamwamba pa phiri, damu la Mulunguzi ndi mpopi wa ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Sadzi ndi zinthu zolumikizana, moti chimodzi chikaonongeka zinazo sizingatsale bwino.

Ulendo wozungulira ndi wotani

Maulendo a m'mapiri amakhala a mitundu itatu. Pali wopita n'kubwerera njira yomweyo, pali woyambira kwina n'kukathera kwina, womwe umafuna kuti wina akakuchingamireni ndi galimoto, ndiye pali wozungulira, womwe umathera pomwe unayambira koma osaponda kawiri njira imodzi. Ubwino wa wozungulirawu ndi woti maso satopa, pakuti kulikonse komwe mwafika n'kwachilendo, ndipo za mayendedwe sizivuta. Koma uli ndi msampha wake. Mukafika pakati, kubwerera ndi kupitiriza zimakhala zofanana kutalika, choncho munthu amene watopa kapena wabinya phazi alibe njira yachidule. Woyenda wanzeru amafunsiratu kuti pakati pa ulendo ndi pati, ndipo amaona mphamvu zake asanapitirire pamenepo.

Kuti ulendo ukhale wopepuka, wapakatikati kapena wolemetsa zimatengera zinthu zitatu: kutalika kwa mtunda, kuchuluka kwa zitunda, ndi mmene njirayo ilili pansi. M'chaka cha 1892 munthu wina wokwera mapiri wa ku Scotland, William Naismith, anapereka njira yowerengetsera nthawi yomwe anthu akugwiritsabe ntchito mpaka lero: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, n'kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 aliwonse omwe mwakwera. Mwachitsanzo, njira ya makilomita 12 yokhala ndi chikweza cha mamita 400 imatenga maola 3 kwa munthu wosaima paliponse. Mukaphatikizapo kupuma, kudya kamba ndi kuima pa mathithi, maolawo amafika 4 kapena 5.

Thupi nalo lili ndi muyeso wake. Ngati mukuyenda mtima ukugunda mofulumirapo, thukuta likutuluka, koma mukutha kucheza ndi mnzanu osabanika, ndiye kuti liwirolo ndi lapakatikati. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kugwiritsa ntchito thupi motere kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mlimi ndi mayi wotunga madzi kutali amapyola muyesowu osadziwa n'komwe, koma wogwira ntchito ya muofesi, amene amachoka pampando wa minibasi n'kukakhala pampando wa kompyuta, nthawi zambiri safikapo, ndipo ndi pakati pa anthu otere pomwe matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuchulukira m'matauni mwathu.

Malo ake ndi mbiri yake

Mzinda wa Zomba uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre potsata msewu wa M3, ndipo unakhazikika pa mamita pafupifupi 950 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Phirili limadzuka kumpoto kwa mzindawu, ndipo nsonga yake yaitali, Malumbe, imapyola mamita 2,000. Kumpoto kwake chigwa cha Domasi chimalilekanitsa ndi phiri la Malosa. Pamwamba pa phiri la Zomba sipasongoka monga mapiri ena. Pali ngati mbale yaikulu yobenthuka mbali imodzi: nsonga za Malumbe, Chiradzulu, Chagwa, Nawimbe ndi Mulunguzi zazungulira m'mphepete, mvula yogwa m'kati imasonkhana mu mtsinje wa Mulunguzi, ndipo mtsinjewo umatulukira pobenthukapo, chakummwera, n'kutsikira mumzinda.

Kapangidwe kameneka ndi komwe kamachititsa kuti ulendowu ukhale wapakatikati. Chikweza chachikulu, cha kuchokera m'tauni kukafika m'mphepete mwa pamwamba pa mamita pafupifupi 1,500, munthu angathe kuchikwera pa galimoto kapena pa njinga yamoto potsata msewu wa tala wokhotakhota womwe umakafika ku hotela ya Ku Chawe. Kuchokera pamenepo zitunda zake ndi zofatsa. Amene akufuna kuyambira m'tauni wapansi amatsata njira yotchedwa Potato Path, yomwe ndi yachidule koma yoima kwambiri, ndipo akatero ulendo wa tsikulo wasanduka wolemetsa.

Amang'anja ndi Ayao ankakhala m'tsinde mwa phirili azungu asanafike, ndipo maufumu monga a Malemia ndi a Mlumbe alipobe mpaka lero. Chomwe chinakopa atsamunda chinali madzi ndi mphepo yozizira. John Buchanan anamanga nyumba ya kazembe wa Britain pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi m'chaka cha 1886, nyumba yomwe pambuyo pake inadzakhala hotela ya Masongola. Mu 1891 Harry Johnston anakhazikitsa boma lake ku Zomba, ndipo Alexander Whyte anayamba munda woyeserera zomera womwe lero ndi Botanic Gardens. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa ndi lamulo mu 1913. Zomba inakhala likulu la dziko mpaka 1975, pomwe likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo anapitiriza kukumana kumeneko mpaka m'zaka za m'ma 1990. Nthawi yonseyi mzindawu wakhala ukumwa madzi a mtsinje umodzi womwewo.

Njira yake, gawo ndi gawo

Anthu ambiri amayambira pa Ku Chawe kapena pa damu la Mulunguzi, lomwe lili pafupi. Amene ali ndi nthawi angathe kuyamba ndi kuyendako pang'ono m'munda wa Botanic Gardens m'tauni asanakwere, kuti aone mtsinje wa Mulunguzi ukudutsa pakati pa kapinga ndi mitengo ikuluikulu, kenaka akauone komwe umachokera.

Gawo loyamba limatsata m'mbali mwa damu. Njira ndi yosalala, madzi ali phee mbali imodzi, mitengo ya paini mbali inayo. Kumtunda kwa damu mtsinje umabwera ukutsetsereka pa miyala ya mathithi a Mandala, ndipo kuyambira apa njira imalowa m'nkhalango yachilengedwe ya m'mphepete mwa mtsinje. Kusintha kwake kumamveka pakhungu. Mpweya umazizira, pansi pamakhala chinyezi ngakhale m'chilimwe, miyala ndi makungwa zimakutidwa ndi ndere, ndipo phokoso la mbalame limachuluka. M'mitengo yaitali mumadutsa nchima, pomwe anyani amakonda malo oyera a m'mbali mwa misewu. Odziwa mbalame amachokera kutali kudzafuna timbalame tiwiri tosowa, white-winged apalis ndi yellow-throated apalis, ndipo kachiwirika kamapezeka m'nkhalango za m'mapiri a kummwera kwa Malawi basi.

Mukapitirira mumafika pa maiwe omwe anakonzedwa kuti aziwetamo nsomba za trout. Nsombazi si zakuno. Anazibweretsa ndi azungu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo zimakhala m'madzi ozizira ndi oyera okha, choncho kupezeka kwake m'mitsinje ya paphiri kunali umboni wa ubwino wa madziwo. Kumtunda kwake kuli mathithi a Williams, pomwe madzi amagwa motambasuka pa thanthwe n'kupanga dziwe pansi. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amathera. Akapuma amabwerera kudzera mumsewu wa dothi wa m'nkhalango, n'kukhala kuti azungulira maola awiri kapena atatu.

Ofuna ulendo wathunthu amapitiriza chakum'mawa. Njira imakwera pang'onopang'ono m'minda ya paini, ina ya mitengo yokhwima, ina yodulidwa kumene, ina ya mbande zofika m'chiuno, mpaka pa damu la Chagwa. Ili ndi laling'ono ndi lachete, lozunguliridwa ndi udzu ndi mitengo, ndipo ndi malo oyenera kumasulira kamba. Kuchoka apo mumatulukira pa udzu wa m'mphepete mwa phiri, pomwe pali malo awiri otchuka oonera kutali. Queen's View inatchedwa dzinali pokumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain, amene anacheza m'dziko muno mu 1957. Emperor's View imakumbutsa za Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, yomwe inafika kuno dziko litangolandira ufulu, ndipo abale athu a chipembedzo cha Rastafari amawalemekeza kwambiri malowa.

Kunja kukayera, munthu woima apa amaona mzinda wonse, nyumba za University of Malawi ku Chirunga, chigwa cha Phalombe, phiri la Mulanje kutali, ndi nyanja ya Chilwa pamodzi ndi chilumba cha Chisi. Pobwerera njira imatsetsereka m'nkhalango mpaka kukafikanso pa damu la Mulunguzi. Kuzungulira konseku kumapyola makilomita 10, ndipo ambiri kumawatengera maola 5 kapena 6. Dzenje lotchuka la Chingwe, lomwe anthu amasimba kuti kale ankaponyamo adani ndi odwala khate, lili mbali ya kumadzulo moyang'ana chigwa cha Shire, ndipo limafuna tsiku lakelake.

Madzi: kuchokera pa tsamba kukafika pampopi

Damu la Mulunguzi lomwe tikuliona lero linamalizidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, dziko litadutsa m'zilala za m'ma 1990, ndipo limasunga malita oposa 3 biliyoni. Limayang'aniridwa ndi Southern Region Water Board. Mwayi waukulu wa Zomba ndi woti damuli lili pamwamba pa mzinda. Madzi amatsika okha m'mapaipi kupita kosefera, n'kupitirira m'makomo, osalira makina ambiri opopa. Kuti timvetse kukula kwa mwayiwu tiyang'ane ku Blantyre, komwe madzi ambiri amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, n'kukankhidwa ndi magetsi mtunda wautali wokwezeka. Kumeneko magetsi amadya gawo lalikulu la ndalama za madzi, ndipo akazima mipopi imauma.

Koma damu silipanga madzi, limangosunga omwe phiri lapereka. Mvula ikagwa pa nkhalango, madontho amayamba amenya masamba n'kutha mphamvu. Akafika pansi amapeza zinyalala za masamba owola ndi timabowo ta mizu, ndipo amalowa m'nthaka m'malo mothamanga pamwamba. Madzi olowa pansiwa amayenda pang'onopang'ono kwa miyezi, n'kumatulukira mu akasupe ndi m'madambo. Ndi amenewa omwe amayendetsa Mulunguzi mu Okutobala, mvula itasiya kalekale. Pamalo pomwe padulidwa n'kupsa zimachitika mosiyana. Dontho limamenya dothi louma, madzi amathamanga onse tsiku limodzi atanyamula nthaka, matope amakakhazikika pansi pa damu n'kuchepetsa malo osungira madzi, kosefera kumafunika mankhwala ochuluka, ndipo m'chilimwe timitsinje timaphwa msanga. Woyenda njirayi m'dzinja angathe kuziona yekha: khwawa lochokera m'nkhalango yachilengedwe limabwera ndi madzi oyera, lochokera pa lupsa limabwera ndi ofiira.

Pali mfundo ina yomwe siitchulidwa kawirikawiri. Si mtengo uliwonse womwe umathandiza mtsinje. Paini ndi bulugama zimakula msanga ndipo zimamwa madzi ambiri, moti zikadzalidwa m'dambo kapena pa gwero penipeni zimachepetsa madzi a m'chilimwe. Udzu wachilengedwe wa pamwamba pa phiri ndi madambo ake si malo ongokhala omwe akudikira mbande. Nawonso amasunga madzi, ndipo muli maluwa ndi tizilombo tomwe sitingakhale pansi pa paini. Kusamala gwero kumafuna kudziwa kuti mtengo uti uyenera pati: yachilengedwe monga katope ndi mbawa m'mphepete mwa mitsinje, paini m'malo omwe anapatulidwira matabwa, ndipo dambo lisiyidwe likhale dambo.

Madzi otsala akadutsa mumzinda amakathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira mu Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imadalira mitsinje yochokera m'mapiri. Inaikidwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 1997. Inaumapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Kuuma kwake kumatsata zilala makamaka, koma matope ndi kuchepa kwa madzi a m'mitsinje zimawonjezera vutolo. Msodzi wa matemba ku Kachulu ndi mlimi wa mpunga m'mbali mwa Likangala amakhudzidwa ndi zomwe zikuchitika pamwamba pa phiri lomwe mwina sanalikwerepo.

Tisanamizane kuti mitengo imaletsa ngozi zonse. Mu Disembala 1946 chimvula chinagwa pa Zomba, phiri linagumuka, milatho inakokoloka ndipo anthu anafa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, ndipo mlembi Steve Chimombo, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, anadzalemba ndakatulo zambiri pa nkhani ya Napoloyo. Nthawi imeneyo mitengo inalipo yambiri. Mvula ikafika muyeso wotere palibe nkhalango yomwe ingaigwire yonse. Chomwe nkhalango imachita ndi kuchepetsa kukokoloka kwa chaka ndi chaka ndi kupepuza mvula zapakatikati, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa, makamaka m'tsinde mwa phiri la Soche ku Blantyre, zomwe zimachitika anthu akamanga nyumba pansi pa mapiri ometedwa.

Nkhalango ziwiri pa phiri limodzi

Woyenda njirayi amadutsa m'nkhalango za mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Yoyamba ndi yachilengedwe, yomwe yatsala m'makwawa ndi m'mphepete mwa mitsinje. Yachiwiri ndi yodzala, makamaka paini wa mtundu wa Pinus patula wochokera ku Mexico, yemwe anabzalidwa kuti dziko lizipeza matabwa. Ku Zomba komweko kuli likulu la kafukufuku wa zankhalango, Forestry Research Institute of Malawi, ndipo paphiripa panayeseredwanso mkungudza wa ku Mulanje.

Munda wa paini ndi munda ndithu, ndipo kudula mitengo yokhwima si mlandu. Mlandu umayamba pomwe podulidwapo sipabzalidwanso, pomwe mitengo ikudulidwa isanakhwime, pomwe macheka alowa m'nkhalango yachilengedwe, ndi pomwe mbande zapsa zisanafike pa msinkhu wopirira moto. Aliyense amene wakhala ku Zomba zaka zambiri angakuuzeni kuti mbali zina za phiri zomwe kale zinali zobiriwira lero ndi zitsa ndi udzu.

Mdani wamkulu wa mbande ndi moto. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba udzu umakhala wouma, ndipo moto woyatsidwa ndi osaka mbewa, ofula njuchi, otentha makala, wotaya ndudu, kapena munthu wokwiya ndi alonda a nkhalango, umatha kupsereza usiku umodzi ntchito ya zaka zingapo. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko limakhala mu nyengo yodzala mitengo, ndipo timamva za mbande zambirimbiri zomwe zabzalidwa. Chiwerengero chofunika kwambiri ndi cha zomwe zapulumuka pofika Novembala wotsatira. Kupalira mbande, kulambula njira zotchinga moto ndi kulondera m'miyezi yotentha ndi ntchito yosaoneka pa zithunzi za m'nyuzipepala, koma ndi yomwe imakuza nkhalango. Gulu la TREEZ, lomwe limagwira ntchito ndi midzi ya m'tsinde mwa phirili, laika mtima pa mbali imeneyi ya kuteteza moto ndi kusamala mitengo yomera yokha.

Lamulo lilipo. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango za odula mitengo ndi ootcha makala popanda chilolezo zinakwera. Koma mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ambiri mwa makalawo amapsa m'mbaula za m'tauni. Malinga ngati magetsi ndi gasi zili zodula kapena zosadalirika, phiri lipitirirabe kutsika pamitu ya amayi ndi pa njinga za abambo.

Anthu omwe mukumane nawo

Panjirapa simuyenda nokha. Mukumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, anyamata akutsetsereka ndi njinga zolemedwa ndi mitengo, ocheka matabwa, ndi ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu: masitiroberi, mabulosi, magalagadeya ndi tizipatso tachikasu ta m'tchire tomwe timamera pa minga. Ena amagulitsa miyala yonyezimira yokumbidwa m'mapiri a Zomba ndi Malosa, ena ziboliboli.

N'kosavuta kwa munthu wokhuta, amene wabwera kudzapuma, kuloza chala mayi wa nkhuni. Koma mayiyo wadzuka usiku, wakwera phiri lomwe inu mwakwera pa galimoto, ndipo mtolowo ukakathera pa mbaula ya munthu wa m'tauni, mwina yanu yomwe. Mupatseni moni, mupatukireni panjira pakuti ndiye wolemedwa, ndipo musamujambule musanapemphe.

Apa ndi pomwe ulendo wokayenda umakhudza chuma. Mnyamata amene amaperekeza alendo amadya chifukwa mitengo ili chiimire. Wogulitsa zipatso amadalira kuti anthu azibwera, ndipo anthu sabwera kudzaona zitsa. Ndalama iliyonse yomwe yatsala m'manja mwa anthu a m'tsinde mwa phiri chifukwa cha nkhalango yamoyo imapatsa mudzi chifukwa chothamangira kukazima moto. Choncho tengani woperekeza wa komweko, gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo mulipireni mosanyinyirika. Safunsa anadya phula: misewu ya m'nkhalango imafanana, imasintha akadula mitengo, ndipo zikwangwani n'zochepa.

Nyengo ndi kukonzekera

Nyengo iliyonse ili ndi zake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kunja kumakhala kozizira, mathithi akadali ndi madzi, ndipo kuyenda n'kokoma, koma chiperoni chikabwera chifunga chimatha kuphimba phiri mwadzidzidzi moti simuona ngakhale mnzanu ali patsogolo. Pa mamita 1,000 aliwonse omwe mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, choncho kuwala kwa dzuwa m'tauni kusakunamizeni kusiya juzi. Mu Seputembala ndi Okutobala njira zimakhala zouma, koma utsi umabisa Mulanje ndi Chilwa, ndipo moto ungakutsekereni njira. M'dzinja phiri limabiriwira ndipo mvula ikangokata kumaoneka kutali kwambiri, koma miyala imaterera, mitsinje imadzaza msanga, ndipo mphezi ndi yoopsa pa malo oyera a m'mphepete.

Zofunika kunyamula n'zochepa: nsapato zomwe munazizolowera kale zokhala ndi mapazi ogwira pansi, madzi akumwa okwana malita awiri, kamba monga mbatata yophika, mtedza, nthochi kapena chimanga chootcha, chovala cha mphepo ndi cha mvula, chipewa, ndi foni yodzaza moto. Nyamukani m'mawa, pakuti kuno dzuwa likalowa mdima umagwa msanga. Uzani wina komwe mwapita ndi nthawi yomwe mubwerere, ndipo yendani awiri kapena kuposa. Amene ali ndi vuto la mtima, mphumu kapena shuga ayambe wafunsa kuchipatala, ndipo ayambire njira yaifupi ya ku mathithi.

Pali zinthu zomwe siziyenera kuchitika. Musasambe kapena kuchapa m'damu, chifukwa ndi madzi akumwa a mzinda wonse, komanso ndi akuya ndi ozizira kwambiri. Musakwere miyala yonyowa ya pa mathithi pofuna chithunzi. Musadyetse anyani, pakuti akazolowera amayamba kulanda. Musayatse moto. Mabotolo, mapepala a pulasitiki ndi zotsala zonse zibwerere m'chikwama chanu, chifukwa chomwe chatayidwa m'khwawa la paphiri chimakathera m'madzi omwe wina amwe.

Phirili ndi la yani

Nkhani ya Zomba si ya Zomba yokha. Lilongwe imamwa madzi a madamu a Kamuzu ku Malingunde, omwe gwero lake ndi nkhalango ya Dzalanyama, ndipo kuonongeka kwa nkhalangoyo kunafika poti boma linatumizako asilikali. Mzuzu imadalira damu la Lunyangwa ndi nkhalango ya Kaning'ina. Blantyre inaona phiri la Ndirande likumetedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo damu la Mudi lomwe lili m'munsi mwake linalandira matope ake. Mzinda uliwonse uli ndi phiri kapena nkhalango yomwe imaumwetsa, koma anthu ambiri a m'mizindamo sanapondeko. Chinthu chomwe munthu sanachione savutika nacho mtima chikamatha.

Kwa nthawi yaitali kuyenda m'phiri la Zomba kunkaoneka ngati kwa azungu ndi alendo a m'mahotela. Maganizo amenewa akusintha. Masiku ano magulu a achinyamata, ogwira ntchito m'maofesi, a mipingo ndi ophunzira a ku Chirunga amakwera mapiri pa mapeto a sabata, ndipo izi n'zoyenera kuzilimbikitsa. Sukulu iliyonse ya mumzinda wa Zomba ingathe kutengera ana ake ku damu kamodzi pa chaka, mphunzitsi n'kuwaonetsa khwawa la madzi oyera ndi la madzi ofiira, kenaka n'kuwalozera denga la sukulu yawo kuchokera pa Emperor's View. Mwana amene waona zimenezi safunikanso kuloweza tanthauzo la kukokoloka kwa nthaka.

Pali ntchito zomwe zikudikira eni ake. A zankhalango, khonsolo ya mzinda ndi operekeza alendo angathe kugwirizana zoika zikwangwani za m'Chichewa ndi m'Chingerezi zosonyeza njira, mtunda ndi nthawi. Gawo lodziwika la ndalama zomwe anthu amalipira pa madzi liyenera kumabwerera kumtunda, kukalipira olambula njira za moto ndi osamala mbande, chifukwa kuteteza gwero n'kotsika mtengo kuposa kukumba matope m'damu. Mafumu ndi midzi ya m'tsinde ayenera kukhala ndi phindu looneka pa nkhalango yomwe akupemphedwa kuti aiteteze. Ndipo ife a m'tauni, amene timagula makala ndi matabwa, tiyenera kumafunsa komwe zachokera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito iyi ikufuna boma, midzi ndi ogula omwe.

Kwa amene akufunsabe kuti woyenda wopanda mtolo wapindulanji, yankho ndi ili: wabwerako ndi thupi lolimbirapo, wasiya ndalama pang'ono m'manja mwa anthu a paphiri, ndipo wadziwa komwe madzi ake amachokera ndi chomwe chingawathetse. Munthu wodziwa zimenezi akaona utsi paphiri mu Okutobala amaimbira a zankhalango, amafunsa khansala wake za ndalama zosamalira gwero, ndipo nyengo yodzala ikafika amabweranso kudzapalira mbande zomwe anabzala. Zomba ikufuna anthu ambiri otere, ndipo njira yowapezera ndi kuwatenga kuti akayende okha pamwamba pa phiri lawo.